Tasemphana m'banja pa nkhani ya bodi ya sukulu ndi ana a transgender, ndithandizeni nzeru

Akuluakulu a pa gulu lino, ndabwera kudzapempha nzeru, makamaka kwa inu amene muli ndi ana m'sukulu za boma kuno ku America. Ine ndi bambo a kunyumba timakhala ku Virginia, ndipo mwana wathu wamkazi wa zaka 14 ali ndi mnzake wa m'kalasi amene anabadwa wamkazi koma amadzimva kuti ndi mnyamata, mpaka anasintha dzina. Mwanayu wadyapo nsima m'nyumba mwathu kangapo, ndi waulemu kwambiri, moti anthu akamakamba za ana a transgender ine ndimaona nkhope yake.

Makolo a kutchalitchi kwathu agawanika. Ena akuyendetsa chikalata chofuna kuchotsa mamembala ena a bodi ya sukulu, ponena kuti bodiyo pamodzi ndi mkulu wa sukulu zonse za m'dera lathu amabisira makolo zinthu, ndipo amuna anga ali mbali imeneyi. Pa mfundo imodzi ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse: mwana wanga atayamba kuitanidwa dzina lina kusukulu, ndingafune kumva kwa aphunzitsi, osati kwa anthu apanjira. Malangizo amene boma la Glenn Youngkin, amene anali bwanamkubwa wa Virginia, linatulutsa mu 2023 ananenanso kuti dzina la mwana lisasinthidwe kusukulu kholo lisanapemphe polemba kalata, kusiyana ndi a 2021 amene ankatsatira zofuna za mwanayo.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti pa misonkhano yathu nkhani ziwiri zasanduka imodzi. Amuna anga amatchula kawirikawiri za ku Loudoun County, dera lina la kuno ku Virginia, kumene mkulu wa sukulu zonse za m'deralo, Scott Ziegler, anachotsedwa ntchito mu Disembala 2022. Komatu chimene chinamuchotsetsa ndi momwe akuluakulu anayendetsera nkhani ya atsikana awiri amene anachitidwa nkhanza zogonana ndi mnyamata mmodzi mu 2021, ndipo mlandu woyamba unachitika mu Meyi, pomwe lamulo la bodi ya kumeneko lokhudza ana a transgender linavomerezedwa mu Ogasiti. Atsogoleri obisa zinthu ayenera kuyankhapo ndithu, koma sindikuona chifukwa chakuti mkwiyo wathu ugwere mwana amene sanalakwire aliyense.

Sabata yamawa kuli msonkhano wa bodi ndipo amuna anga akufuna tikayankhule limodzi. Kodi ndipite ndikanene maganizo anga pamaso pa anthu ngakhale akusiyana ndi awo, kapena ndikhale kunyumba? Nanga mwana wathu, amene wasiya kutiuza za mnzakeyo, ndimuyambe bwanji?

Mayi wina wa ku Maryland anayankha:
Achemwali, musakasemphane ndi bambo pagulu musanamalize nkhaniyi kuchipinda. Kuno ku Montgomery County makolo achisilamu ndi achikhristu anapita mpaka ku khoti lalikulu la Supreme Court, ndipo mu Juni 2025 linagamula kuti akhoza kuchotsa ana awo pa maphunziro a mabuku okamba za LGBTQ (anthu okondana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, a transgender ndi ena otero). Onani kuti iwo anapempha chinthu chimodzi chokhudza ana awo okha. Mwina inu ndi bambo mukhoza kugwirizana pa pempho limodzi lotero, lakuti makolo azidziwitsidwa, n'kusiya zina zonse.

Bambo wina wa ku Richmond anayankha:
Mayi, za chikalatacho chenjerani. Ku Virginia chikalata chochotsera munthu wosankhidwa pa udindo chimasainidwa ndi anthu olembetsa m'kaundula wa mavoti okha, ndipo chimapita kukhoti, kumene woweruza ndiye amaona ngati pali mlandu. Ngati muli ndi green card chabe (chilolezo chokhazikika ku America, osati unzika), musasaine, koma kuyankhula pa msonkhano wa bodi mukuloledwa. Ine ndikusiyana nanu pang'ono pa za kudziwitsa makolo nthawi zonse, chifukwa pali makomo ena amene mwana wotere akadziwika amathamangitsidwa.

Mwini funso anayankha:
Zikomo nonse. Tonse awiri tili ndi green card, choncho za kusaina ndiwauza bambo usiku uno. Mfundo ya makomo othamangitsa ana yandikhudza, chifukwa sindinafunsepo ngati makolo a mnzake wa mwana wangayu amadziwa dzina limene ife timamuitana.