Kachilumba kakukhotetsa mzere wa malire a pansi pa nyanja: ndikawerengere kapena ayi?

Loya wachitsikana:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Abwana andipatsa ntchito yolemba malangizo pa malire a continental shelf (nthaka ya pansi pa nyanja imene dziko lili nayo ufulu) pakati pa mayiko awiri amene magombe awo ndi olumikizana. Mayina sinditchula, tingoti A ndi B, ndipo ife tikulangiza A. Vuto lili apa: B ali ndi kachilumba kamene kakhala kutsogolo kwa gombe la A, chapafupi ndi pomwe malire a pamtunda amalowera m'madzi. Pamakhala asodzi ochepa ndi nyali yotsogolera zombo, basi. Ndikayika base point (malo a pa gombe oyezerapo mzere) pa kachilumbako, mzere wa equidistance (wotalikira mofanana ku magombe onse awiri) ukukhotera kutsogolo kwa gombe lathu, moti pofika mamailosi 200 gawo la A latsala losongoka ngati nsonga ya mkondo. Ndikakachotsa, mzere ukuwongoka. Ndime 83 ya UNCLOS (pangano la 1982 la malamulo a panyanja) ndayiwerenga mpaka kuyiloweza. Ikungoti mayiko agwirizane ndi kupeza yankho lachilungamo, koma njira yake osatchula. Ndiye ndikawerengere kaye kenako ndikonze mzere, kapena ndisakawerengere n'komwe?

Loya wamkulu:
Mayi, musadabwe kuti ndimeyo ili chete. Pokambirana pangano la 1982 mayiko anagawanika pawiri. Ena ankafuna equidistance monga inalili mu ndime 6 ya pangano la Geneva la 1958, ena ankakokera ku mfundo za chilungamo zimene khoti la dziko lonse la ICJ linatsamira pa mlandu wa North Sea mu 1969, pomwe Germany inkapanidwa pakati pa Denmark ndi Netherlands chifukwa gombe lake ndi lolowa mkati. Palibe anagonja, ndiye mawu anasiyidwa otakasuka dala.

Njira muyipeza m'zigamulo. Tsegulani cha Romania ndi Ukraine cha 2009. Khoti linayala masitepe atatu: jambulani mzere wongoyembekezera wa equidistance, onani ngati pali zifukwa zousunthira, kenako yesani ngati zotsatira zake sizikupondereza mbali imodzi mopitirira muyeso. Funso lanu linayankhidwa pa sitepe yoyamba pomwepo. Ukraine inkafuna base point pa Serpents' Island, kachilumba kokhala kokha pafupifupi mamailosi 20 kuchokera kumtunda. Khoti linakana, ponena kuti kutero kukanakhala kulumikiza pa gombe chinthu chimene si cha gombelo, ngati kuti oweruza akuumba dziko mwatsopano. Kachilumbako kanangotsala ndi mamailosi 12 a territorial sea (madzi oyandikana ndi gombe amene ndi gawo la dzikolo). Inu yambani choncho.

Mphunzitsi wa malamulo a panyanja:
Bambo anena zoona, koma ndikuwopa kuti mwafewetsa nkhani. B sadzakhala manja lende. Adzatenga ndime 121 n'kunena kuti ichi ndi chilumba chokhalamo anthu, si thanthwe (lomwe silikhala ndi shelf), choncho chili ndi shelf yake monga mtunda wina uliwonse. Adzakumbutsanso kuti zilumba za Scilly mu 1977 ndi za Kerkennah mu 1982 zinapatsidwa theka la mphamvu yokhotetsa mzere, osati kunyalanyazidwa. Malangizo anu akapanda kuyankha zimenezi, abwana adzakubwezerani.

Mlandu wofanana kwambiri ndi wanu, mwa kuona kwanga, ndi wa Bangladesh ndi Myanmar ku khoti la malamulo a panyanja la ITLOS mu 2012. St Martin's Island ndi ya Bangladesh, pamakhala anthu masauzande, koma yakhala kutsogolo kwa gombe la Myanmar. Pogawa territorial sea motsatira ndime 15, oweruza anayipatsa mphamvu zonse. Pogawa EEZ (dera la chuma cha m'nyanja lofika mamailosi 200) ndi shelf sanayipatse chilichonse, chifukwa ikanatsekereza gombe la Myanmar kuti lisatambasukire kunyanja. Taonani chimene chinagwira ntchito: si kuchepa kwa chilumba kapena kwa anthu, koma pomwe chakhala. Ndiye musataye nthawi kukangana kuti ndi thanthwe. Pa Serpents' Island pomwe khoti linalambalala funso limenelo. Mfundo yanu ikhale kutsekerezako, ndipo mulembe malire a territorial sea padera, a shelf padera.

Wopima ndi kujambula mapu:
Ine si loya, koma ndifunseko. Chemwali, mizere imeneyi mwayijambula ndi chiyani, ndipo pa datum iti (maziko amene ma coordinates a mapu amayezedwerapo)? Ndikufunsa chifukwa zinandionekerapo. Ndikuyamba ntchito ndinayika rula pa tchati cha Mercator, ndinakoka mzere wowongoka bwinobwino, ndinapereka. Mnzanga atawerengera geodesic (mzere waufupi kwambiri pa dziko lozungulirali) pa kompyuta, kumapeto kwake mizere iwiriyo inali itatalikirana moonekeratu. Pa pepala ndi kampata kolowa nsonga ya pensulo, koma panyanja mukhoza kukwana chitsime cha mafuta. Gwiritsani datum ya WGS 84, lembani kuti mizere ndi geodesic, ndipo base point iliyonse ikhale ndi ma coordinates ake ndi tchati chomwe mwayitengapo. Onaninso ngati malire a pamtunda akuthera pa matsiriro a mtsinje. Pa mlandu wa Nicaragua ndi Honduras mu 2007 mchenga wa mtsinje wa Coco unkasuntha gombe kwambiri moti khoti linasiya equidistance n'kugwiritsa bisector (mzere wogawa pakati ngodya ya magombe awiri).

Loya wachitsikana:
Zikomo kwambiri nonse. A mapu, mwandigwira: ndinatenga ma point m'matchati awiri osayang'ana datum. Mtsinje ulibepo, mwamwayi. Mawa ndiwerengeranso.

Ndili ndi kenanso. Gombe la A ndi lalitali kuposa la B pafupifupi kawiri, ndipo A ndi dziko losaukirapo. Kodi pa sitepe yachitatu ndingapemphe kuti dera ligawidwe molingana ndi kutalika kwa magombe? Komanso A anapereka kale ziphaso zofufuza mafuta kufika pa mzere wina wake, B osadandaula kwa zaka zingapo.

Loya wamkulu:
Za umphawi zichotseni. Malta inayesa mu 1985 pa mlandu wake ndi Libya, khoti linakana ponena kuti kulemera kapena kusauka kwa dziko sikukhudzana ndi cholinga cha malamulo a malirewa. Sitepe yachitatu si yogawira dera, ndi yongoyesera. Pa mlandu wa Romania ndi Ukraine uja, wa pa Black Sea, magombe anali 1 kwa 2.8, dera linatuluka 1 kwa 2.1, khoti linati zili bwino. Kutalika kumasuntha mzere pakakhala kusiyana kwakukulu zedi, monga mamailosi 192 a Libya kwa 24 a Malta, kapena 1 kwa 9 pakati pa chilumba cha Jan Mayen ndi Greenland mu 1993. Kawiri n'kochepa. Kutchulani, koma osamangapo nyumba.

Za ziphaso, lembani mosamala kuti kasitomala asadalire zopanda pake. Ghana mu 2017 ndi Kenya mu 2021 onse ananena kuti mnansi anavomereza mzere mwa kukhala chete, ndipo onse mfundoyo inawakanika. Umboni wa mgwirizano wosalembedwa umayenera kukhala wolimba kwambiri.

Mphunzitsi wa malamulo a panyanja:
Ndiwonjezere chimodzi, poti mwatchula mafuta. Ikanimo ndime 83(3). Pa mlandu wa Guyana ndi Suriname mu 2007 oweruza anasiyanitsa kufufuza kwa seismic (kogwiritsa mafunde a phokoso), komwe sikusintha pansi pa nyanja, ndi kuboola, komwe kumasintha kwamuyaya. A asalole kampani kuboola m'dera la mkangano payekha. Ngati akufulumira, pali chitsanzo cha Nigeria ndi São Tomé and Príncipe, amene mu 2001 anapanga dera logwiriramo limodzi n'kugawana 60 kwa 40.

Loya wachitsikana:
Ndawerengeranso pa WGS 84, ndipo point imodzi inalidi pamalo olakwika. Ndipereka mapu atatu: wopanda kachilumba koma kali ndi mamailosi ake 12, wa theka, ndi wa mphamvu zonse, kuti aone pomwe zingathere zikavuta. A mapu, ndingakutumizireni ma coordinates nditachotsa mayina, mundiyang'anireko Lachinayi lisanafike?

Wopima ndi kujambula mapu:
Tumizani, chemwali. Muyikemonso nambala ndi chaka cha tchati chilichonse.