Mafayilo a banki m'khonde asowa, kompyuta ikuvuta kuyaka: ndithandizeni maganizo

Wa pa Kamuzu Road, Salima:
Akuluakulu, mwaswera bwanji? Ndagwira njakata, ndithandizeni maganizo. Dzulo madzulo amayi ena, mphunzitsi wopuma ntchito wa cha ku Khombedza, abweretsa kompyuta yawo ya desktop pa kabaza kuti ndiwakonzere. Ndi zakale zija zakaunjika, ili ndi Windows 10 ndi hard disk ya 500 GB. Amayiwa ndi mlembi wa banki m'khonde ya kwawo, ndiye masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja, zonse amalemba mu Excel. Mulinso zithunzi za chinkhoswe cha mwana wawo ndi makalata a kumpingo.

Madandaulo awo ndi awiri. Poyatsa, tsiku lina imayaka bwinobwino, tsiku lina imaima pa "Scanning and repairing drive" mpaka nsima kupsa, tsiku lina imafuna kuti udine batani la F1 ndipo deti limakhala labwerera m'mbuyo. Chachiwiri ndicho chawaliza misozi. Lolemba atayatsa anapeza pa sikirini pali mbee, mu Documents mulibe kanthu, ngakhale chithunzi cha adzukulu chimene chinali pa sikirini chachoka. Anadzilimbitsa mtima, n'kutenga kope lawo, n'kulowetsanso za misonkhano itatu yapitayi, n'kusunga. Lachiwiri poyatsa, nazonso kulibe. Kunyumba kwavuta, onse akuloza chala mdzukulu wa fomu 2 amene amakonda magemu.

Ine ndikukayikira vairasi. Ndifomate ndiikemo Windows watsopano? Gulu lawo likugawana ndalama kumapeto kwa mwezi uno.

Wophunzira ntchito wa ku Chipoka:
Achimwene, mwina ndi vairasi ya ma shortcut ija imayenda ndi ma flash a m'masukulu. Imabisa mafayilo, sifufuta. Yesani attrib -h -r -s /s /d pa Command Prompt, zimabwerera.

Mdala wa ku Nkhotakota boma:
Mwana wanga wa pa Kamuzu Road, chotsa dzanja pa flash yoikira Windows ija. Usafomate, usalole chkdsk, pulogalamu ya Windows yokonza disk ija imaonetsa "Scanning and repairing drive", kuyenda, usaikemo pulogalamu iliyonse, ngakhale Recuva yobwezera mafayilo ofufutidwa. Chilichonse chimene ungalembe pa disk imeneyo chikhoza kugwera pomwe pali mafayilo a amayiwo. Ngati yayaka pano, izimitse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wa ku Chipoka, waganiza bwino, koma vairasi ya ma shortcut imakonda flash ndipo imasiya ma shortcut poyera. Siichotsa chithunzi cha pa sikirini. Pamenepo ndi pomwe pali nkhani.

Achemwali a ku Dwangwa:
Zoona bambo, chithunzi cha pa sikirini ndicho chandiimitsa inenso. Munthu akafufuta mafayilo safika pochotsa wallpaper, kubweza ma icon momwe anali pa tsiku loyamba, n'kuiwalitsa Chrome chilichonse. Izi zikundionekera ngati temporary profile.

Achimwene, afunseni amayiwo ngati Lolemba polowa panatuluka kabokosi kabuluu konena kuti "We can't sign in to your account", kapena kauthenga pakona ya kumanja pansi kakuti "You've been signed in with a temporary profile". Anthu ambiri amangodina Close osawerenga.

Zimayenda chonchi. Akaunti iliyonse ili ndi fayilo yobisika ya NTUSER.DAT mu foda yake ya mu C:\Users. Windows akalephera kuiwerenga polowa, satsekera munthu kunja. Amamupangira chipinda chongoyembekezera, foda yotchedwa TEMP, yopanda kalikonse. Munthu amaona ngati katundu wake wabedwa, chonsecho ali phee m'chipinda chake chakale, chitseko chokha ndiye sichinatseguke. Choopsa chili apa: foda ya TEMP imafufutidwa munthu akangotuluka kapena kuzimitsa, ndipo sizidzera mu Recycle Bin. Ndiye mafayilo akale ndili ndi chikhulupiriro kuti alipo. Amene analemba Lolemba ndi amene afufutidwa zenizeni, ndipo wawafufuta si mwana uja ayi.

Wa pa Kamuzu Road, Salima:
Achemwali, ndawaimbira. Akuti kabokosi kabuluu kanatulukadi, anayesa ngati ndi za update. Mtima wanga wayamba kukhala pansi. Ndiyatse ndikaone mu C:\Users?

Wa ku Senga Bay:
Musanapite patali, tisaiwale zina zimene zimadya mafayilo mwakachetechete. Storage Sense ikakhala yoyatsa imakhuthula za mu Recycle Bin zimene zapitirira masiku 30, ndipo wina akaikonza motero imasesanso mu Downloads. Kuno ndili ndi makasitomala a m'malodge amene amasunga ma invoice mu Downloads ngati ndi kabati. Palinso OneDrive: ukafufuta pa foni zimachokanso pa kompyuta, ngakhale pa akaunti ya munthu wamba zimakhala mu bin yake ya pa intaneti masiku 30. Komanso mukumbuke Okutobala 2018, update ya 1809 itafufuta za mu Documents kwa anthu ena mpaka Microsoft inaiimitsa kaye.

Achemwali a ku Dwangwa:
Zonsezo n'zoona achimwene, koma palibe mwa izo chimene chimaimitsa kompyuta pa "Scanning and repairing drive". Ndikufuna chifukwa chimodzi cholongosola zonse ziwiri. Funso langa ndi lakuti, NTUSER.DAT yalephera kuwerengeka chifukwa chiyani?

Mdala wa ku Nkhotakota boma:
Funso lake ndi limenelo mwana wanga. Ndipo yankho ndikuliopa.

Wa pa Kamuzu Road, usayatse ndi Windows wa m'menemo. Tsegula bokosi, chotsa hard disk, uilumikize pa makina ako ngati disk yachiwiri kapena ndi chingwe cha SATA to USB, uone SMART yake, lipoti limene disk imasunga la thanzi lake. Pa pulogalamu ya CrystalDiskInfo yang'ana mizere itatu: 05, C5 ndi C6. 05 ndi ma sector, tizigawo ta disk tosungamo zinthu, amene anafa kale n'kusinthidwa. C5 ndi amene akulephera kuwerengeka pakali pano. C6 ndi amene akanikiratu. Ikaonetsa Caution wachikasu, usataye nthawi. Uikenso khutu pa disk ikamazungulira. Ikamalira kuti ke-ke-ke mobwerezabwereza, izimitse pompo, imeneyo si ya pa tebulo lathu.

Kuno kunyanja ma hard disk sakhalitsa. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, fumbi lodzaza m'mafani, kuwonjezera magetsi othima disk ili mkati molemba. Afunse amayiwo ngati ali ndi UPS, batire losunga kompyuta ili yoyaka magetsi akathima. Ndikudziwa kale yankho lake.

Za F1 ndi deti, imeneyo ndi nkhani ina yaing'ono. Kabatire ka pa motherboard, CR2032, katha. Kazikhala ndi 3 volts. Sintha, kenako lowa mu BIOS ukonze deti, uonenso kuti SATA mode, njira imene makina amalankhulira ndi disk, sinasinthe, chifukwa ikachoka pa AHCI imene Windows anaikidwira sangayake.

Wa pa Kamuzu Road, Salima:
Bambo, mwalasa. Caution wachikasu. C5 si ziro, ndipo nditaonanso patapita mphindi zochepa yakwera. Phokoso palibe, ikuzungulira bwino. UPS alibe, akuti magetsi akathima imangozima, akabwera amayatsanso, zaka zonsezi.

Nkhani yabwino: mu Users muli foda ya dzina lawo, Documents yodzaza, zithunzi za chinkhoswe zilimo. Ndayamba kukopera koma pa fayilo ina Explorer yauma, yangoti "cyclic redundancy check". Ndiyendetse chkdsk /r kuti ikonze?

Mdala wa ku Nkhotakota boma:
Ayi ndithu. chkdsk /r imakakamiza disk kuwerenga sector iliyonse, n'kumabwereza pomwe pali bala. Disk yodwala ikhoza kufera m'manja mwako ili pakati pa ntchitoyo. Komanso chkdsk chimene imafuna ndi kuti NTFS ikhale yolongosoka, osati kuti fayilo ya amayi ipulumuke. Zidutswa zimene yalephera kuzimvetsa imaziponya mu foda yobisika ya found.000 ndi mayina a .CHK. Popeza yakhala ikudziyendetsa yokha poyatsa, ukaoneko m'menemo pambuyo pake, mwina muli kanthu.

Chita chonchi. Ngati fayilo ya Excel ya banki ija ikukoperedwa, itenge kaye yokhayo, ndi yaing'ono. Kenako siya Explorer. Yatsa makina ako ndi flash ya SystemRescue, mmene muli ddrescue, pulogalamu yokopera disk yodwala, upange image, kutanthauza kope lathunthu, ya disk yonse pa disk ina yoposa 500 GB. Ulendo woyamba uike -n kuti itole zosavuta zonse osalimbana ndi malo oipa. Wachiwiri uike -r3 kuti ibwerere pa mabala aja katatu. Usaiwale mapfile. Ndi imene imakumbukira pomwe yafika, magetsi akathima umapitiriza pomwepo osayambiranso. Uonetsetse kawiri kuti pa mayina a ma disk awiriwo, sdb ndi iti, sdc ndi iti, chifukwa ukatembenuza walemba pa disk ya kasitomala. Uike kafani pafupi, usiku ndiye nthawi yabwino kukatentha chonchi.

Wophunzira ntchito wa ku Chipoka:
Pepani ndifunse nawo. Ndinaona kuti temporary profile imakonzedwa mu regedit, posinthira registry yosunga ma setting a Windows, pa ProfileList, pochotsa .bak pa kiyi yoyamba ndi S-1-5-21. Bwanji osangotero?

Achemwali a ku Dwangwa:
Waphunzira bwino mlongo wanga, ndipo njirayo imagwiradi ntchito disk ikakhala yabwino, mwachitsanzo antivirus itagwira NTUSER.DAT pa nthawi yolowa. Koma apa fayiloyo mwina yakhala pa sector yakufa. Ukakonza registry lero, mawa zibwerera, amayi aja n'kulembanso usiku wonse mu TEMP. Ukafuna umboni, Event Viewer, kaundula wa Windows wa zochitika, imasunga manambala awa: 1511 mu Application ndi ya temporary profile, 7 ya disk mu System ndi bad block, 41 ya Kernel-Power ndi kuzima kosayembekezereka. Ukaziona zitatuzo zitandandana masiku ofanana, usavutike ndi regedit.

Achimwene a pa Kamuzu Road, za Lolemba zija musazitaye mtima. Pa hard disk fayilo yofufutidwa imakhalapobe mpaka china chilembedwe pamwamba pake. Yendetsani PhotoRec, pulogalamu yofukula mafayilo ofufutidwa, pa image, osati pa disk yeniyeniyo, musankhe free space yokha. Mayina sabwera nawo, mudzapeza f ndi manambala, ndiye mudzatsegule ma .xlsx limodzilimodzi. Ikadakhala SSD, disk yamakono yosazungulira, sindikadakulonjezani, chifukwa TRIM yake imasesa zofufutidwa msanga.

Wa ku Senga Bay:
Ndavomera, ndi disk. Ndili ndi external hard disk ya 1 TB yopanda kanthu, nditumiza pa minibasi ya masana, mukailandire pa depoti. Ngati inverter yanu ndi yofooka ndiuzeni.

Wa pa Kamuzu Road, Salima:
Akuluakulu, ndabweranso patatha masiku awiri. Zikomo achimwene a ku Senga Bay, external inafika. ddrescue inayenda usiku wonse, magetsi anathima kamodzi koma mapfile inatipulumutsa. Pafupifupi zonse zatuluka. Excel yakale ya banki yatseguka yonse. Zithunzi zitatu za chinkhoswe zatuluka zodukiza, theka ndi imvi, koma mwana wawo akuti ali nazo pa foni. Ya Lolemba PhotoRec yaipeza, ndinatsegula mafayilo ambiri ndisanaifike. Tinakhala pansi ndi amayi ndi kope lawo, mzere ndi mzere, ndalama zonse zagwirizana.

Ndaika SSD ya 256 GB ndi kabatire katsopano, ndapemerera fumbi, F1 yasiya. Ndawauza poyera kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025 ndipo makinawa alibe kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 kofunika pa Windows 11, ndiye ayambe kuganizira za ina. Pakali pano avomera kugula UPS yaing'ono akagawana ndalama. Ndawapatsa flash ziwiri, ina izikhala kwa msungichuma wa gulu, ndipo ndawaonetsa kukopera pakutha pa msonkhano uliwonse.

Anabwera ndi mdzukulu uja kudzanyamula. Ndinawafotokozera onse awiri za TEMP, ndikuwaonetsa 1511 pa log imene ndinaitenga mu image, deti lake Lolemba lomwelo. Agogo ake anamugwira dzanja n'kumupepesa pamaso panga.

Mdala wa ku Nkhotakota boma:
Wagwira ntchito mwana wanga. Disk yakale uwabwezere, uilembe ndi maka kuti isaikidwenso m'makina. Image usaifufute mpaka atagawana ndalama zawo.

Wa pa Kamuzu Road, Salima:
Ndamva bambo. Achimwene a ku Senga Bay, ndiye kuti external yanu ndiisunga mpaka mwezi uthe.

Wa ku Senga Bay:
Palibe vuto, isungeni.