Atate akuwatumiza ku Lusaka kukawotcha khansa ya m'mapapo, ndithandizeni nzeru

NaPhiri wa ku Kapata:
Abale anga, atate anga a zaka 67 anamwa mankhwala a TB koma chifuwa osasiya, mpaka anayamba kulavula magazi. Atawapimanso anapeza kuti ndi khansa ya m'mapapo, ndipo akuti apite ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka kukachita radiotherapy, komwe ndi kuwotcha khansa ndi cheza chochokera m'makina. Amayi akukana kwamtuwagalu. Akuti makinawo amapsereza munthu m'kati, ndiponso akabwera sangakhalenso pafupi ndi adzukulu. Ine tulo sindikupeza. Alipo anaziona?

Nesi wa ku Katete:
Pepani amayi ndi matendawa. Za adzukuluzo, alimbitseni mtima amayi anu. Makinawo amalunjikitsa cheza pa chotupa kuchokera kunja kwa thupi, ndipo akazimitsidwa palibe chotsala mwa munthu. Atate angathe kunyamula mwana tsiku lomwelo. Pochita sizipweteka, amangogona osagwedezeka kwa mphindi zochepa.

Zovuta zilipo ndithu: kutopa kwambiri, kuwawa pomeza chifukwa kummero kuli pafupi ndi mapapo, khungu la pachifuwa kuda kapena kuyabwa. Zambiri zimachepa akamaliza. Choti muchenjere nacho ndi kutupa kwa mapapo, komwe kungabwere patapita milungu kapena miyezi. Akayamba kubanika, kukhosomola kwambiri kapena kutentha thupi, thamangani nawo kuchipatala.

Adokotala muwafunse mosazungulira: cholinga n'kuchiza kapena kuchepetsa ululu? Ngati khansa sinafalikire, kawirikawiri amapita Lolemba mpaka Lachisanu kwa milungu pafupifupi 6, nthawi zina pamodzi ndi kemo (mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa). Ngati yafalikira, amapita masiku ochepa, kuti magazi asiye ndi ululu utsike.

Mlimi wa ku Chadiza:
Ine ndinaperekeza amalume. Khansa yawo inali itapita patali, sanachire, koma magazi anasiya ndipo anayambanso kugona usiku. Nsima inkawavuta kumeza, tinkawapatsa phala lothira nsinjiro ndi mazira. Konzekeranitu pogona ku Lusaka, alongo, chifukwa kudumphitsa masiku kumafooketsa chithandizo. Ngati amasuta fodya, asiye lero.

NaPhiri wa ku Kapata:
Zikomo kwambiri nonse. Fodya anasiya atangoyamba kudwala. Amayi ndawawerengera zimene mwalemba anesi, afunsa ngati angaloledwe kulowa nawo m'chipinda cha makinawo.

Nesi wa ku Katete:
Ayi, wodwala amakhala yekha, koma ogwira ntchito amamuona pa kamera ndi kulankhula naye. Amayi adzadikira panja pomwepo. Musaiwale kunyamula mapepala onse a X-ray ndi kalata yowatumizira.