Hanesi: tigule kapena ndi kutaya ndalama kwa ife a padenga?

Mkhomamalata: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ntchito yanga ndi yokhoma malata ndi kuika masola, ndipo ndili ndi anyamata awiri. Makasitomala ena ayamba kufunsa ngati tili ndi zida zodzitetezera tisanakwere, ndiye ndikuganiza zogula mahanesi atatu, malamba ovala thupi lonse owakha munthu akagwa. Koma ndalama yake si yamasewera, komanso nyumba zambiri zomwe timagwira ndi zapansi, zosasanja. Kodi hanesi ingatipulumutsedi, kapena ndi yongosangalatsa maso a kasitomala? Palinso wina akugulitsa zogwirapo kale ntchito motchipa.

Madala Kalipentala: Mwana wanga, ine imvi zandimerera padenga. Chimagwetsa munthu ndi phuma, matsire, ndi mame a m'mawa pa malata. Zingwe zambirimbirizo zimangokukola miyendo. Denga likakhala lotsetsereka kwambiri, chingwe cholimba m'chiuno chimakwana. Ndalamayo gulira makwerero abwino.

Mayi Wachitetezo: Madala, za mame ndi phuma mwanena zoona, ndipo za makwerero abwino ndikugwirizana nanu. Koma chingwe cha m'chiunocho pepani, ndikukana. Munthu akagwa n'kuimitsidwa ndi chingwe cha m'chiuno, mphamvu yonse imathera pamimba ndi pamsana. Ena amatembenuka mutu pansi n'kupululuka, ena chingwe chimakwera m'nthiti n'kuwabanikitsa. N'chifukwa chake ku America bungwe la boma loona za chitetezo pantchito la OSHA linaletsa malamba a m'chiuno ngati chida chowakha munthu wakugwa kuyambira pa 1 Januwale 1998. Hanesi ya thupi lonse imagawa mphamvuyo m'ntchafu, m'matako ndi m'mapewa, ndipo mphete yake ili kumsana pakati pa mapewa kuti munthu alendewere mutu uli m'mwamba.

Chinanso n'chakuti chingwe wamba sichitamuka. Chimakuimitsa nthawi imodzi, gwa! N'chifukwa chake lanyard yeniyeni, chingwe cholumikiza hanesi ndi malo okolekapo, imakhala ndi kathumba ka shock absorber. M'kati mwake muli lamba wopindidwa ndi wosokedwa mwadala kuti azing'ambika pang'onopang'ono munthu akagwa. Muyezo wa ku Ulaya, EN 355, umafuna kuti mphamvu yofika pathupi isapose 6 kN, yomwe ndi pafupifupi kulemera kwa makilogalamu 600. Ngati imeneyo ndi yochepetsedwa kale, ganizirani yosachepetsedwa.

Mkhomamalata: Zikomo amayi. Ndiye mukuti ndigule hanesi ndi lanyard ya kathumbayo?

Mayi Wachitetezo: Musafulumire, achimwene. Apa ndi pamene ambiri amatayira ndalama. Mwati nyumba zanu ndi zapansi, ndiye tiyeni tiwerenge limodzi. Lanyard yodziwika ndi ya mamita 2. Kathumba kakang'ambika konse kakhoza kuonjezera mpaka mamita 1.75. Kuchoka pa mphete ya kumsana kufika kumapazi anu, kuphatikizapo kutamuka kwa hanesi, ikani pafupifupi mamita 2. Kenako mita imodzi ya mpata, kuti mapazi asagunde pansi. Zonse pamodzi ndi mamita 6.75 kuchoka pamene mwakoleka kufika pansi. Nyumba yosasanja, m'mphepete mwa denga muli pa mamita ngati 3. Mukakoleka pafupi ndi mapazi anu n'kuterereka, mufika pansi kathumba kasanamalize ntchito yake. Mwavala zonse, mwalipira zonse, koma mwagwa chimodzimodzi ndi amene sanavale kanthu.

Sikuti nthawi zonse kathumba kamang'ambika mpaka kumapeto, zimatengera kulemera kwa munthu ndi kutalika kwa pamene wagwa. Koma powerengera timatenga choipitsitsa, ndipo kabuku ka chida chilichonse kamanena mpata umene chimafuna.

Madala Kalipentala: Mwamva? Si zimene ndimanena ine?

Mayi Wachitetezo: Mbali ina inde, Madala. Koma yankho si kutaya hanesi. Pa nyumba zapansi hanesi imagwira ntchito ina: kukuletsani kufika m'mphepete. Mumamanga chingwe pamsonga pa denga, n'kuchifupikitsa ndi kachida kogwira chingwe, mwakuti ngakhale mutafuna simungadutse mzere wa malata omaliza. Simukudikira kuti mugwe kenako muwakhidwe, mukuletsa kugwa kumene. Vuto lake ndi khalidwe: mnyamata akaona kuti chingwe chikumukoka, amachimasula kuti chilendewere, ndipo chitetezo chathera pomwepo.

Ndipo m'mphepetemo, pokhoma gatala kapena lata loyamba, palibe chimaposa sikafodi yokhala ndi zotchinga m'mbali. Malamulo a ku Britain a 2005 okhudza ntchito za pamwamba anasanja bwino: choyamba pewani kukwera ngati ntchito ingatheke pansi, chachiwiri tsekani njira yogwera, chomaliza chepetsani kutalika kwa kugwa ndi kuvulala kwake. Amaikanso patsogolo chitetezo choteteza onse nthawi imodzi. Sikafodi imateteza ngakhale mnyamata woiwala. Hanesi imateteza yekhayo amene wakumbukira kukoleka.

Wokwera Nsanja: Ine ndimagwira pa nsanja za netiweki, ndipo kwa ife funso loti tigule kapena ayi kulibe, sukwera wopanda. Koma ndiyankhe za yogwirapo kale ntchito ija. Achimwene, isiyeni. Hanesi imene inawakhapo munthu imachotsedwa pantchito, ndipo wogulitsa sangakuuzeni zimenezo. Dzuwa limafooketsa ulusi, asidi wa batire amadya m'kati kunja kukuoneka bwino. Simungadziwe komwe yakhala ikugona.

Wowotcherera Zitsulo: Koma akulu, kodi munthu sangayendere yekha n'kuona? Ine yanga ndinagula kwa mnzanga ndipo ikuoneka yatsopano.

Wokwera Nsanja: Kuyendera ndi kofunika, ndipo kumachitika tsiku lililonse usanavale. Gwirani lamba ndi manja awiri, mupinde pang'onopang'ono kuyambira kumapewa mpaka m'ntchafu. Mukusaka podulika, popukutika, pouma gwa chifukwa cha penti kapena simenti, ndi potuwa ndi dzuwa. Inu owotcherera muyang'anitsitse timabowo takuda ta moto wothetheka, chifukwa ulusi umenewu umasungunuka. Onani misoko ngati ulusi wasomphoka, zitsulo ngati zapindika kapena zachita dzimbiri, ngowe ngati ikutseka yokha n'kuloka. Mahanesi ambiri ali ndi kamsoko kopindidwa kumsana kamene kamatseguka akawakha munthu. Mukapeza katseguka, basi yatha.

Koma maso amaona zapamwamba zokha. Pa chikwangwani chake payenera kuoneka dzina la opanga, tsiku lopangidwa, nambala yake ndi muyezo, monga EN 361. Chikwangwani chikafufutika kapena kudulidwa, musaikhulupirire. Komanso muyezo wa EN 365 umafuna kuti munthu wodziwa aziyendera chidacho kosachepera kamodzi pa miyezi 12 iliyonse n'kulemba. Ya mnzanuyo, kodi pepala lake lilipo? Ngati mukudziwa mbiri yake yonse kuchokera tsiku logula, nkhani ndi ina. Ya munthu wosamudziwa ayi.

Madala Kalipentala: Chabwino, ndamva za malamba. Koma ndifunse funso limene ogulitsa sayankha. Inu a nsanja muli ndi zitsulo paliponse. Ife padenga la matabwa, malata atakhomedwa kale, timakoleka pati? Ndaonapo ana atavala hanesi yokongola, ngowe atakoleka pa paipi ya madzi. Ena ngowe ili lende kumsana tsiku lonse. Ndiye ndalama yapita kuti?

Mayi Wachitetezo: Funso limenelo ndiye lenileni, Madala, ndipo ndikanakonda aliyense alifunse asanalowe m'sitolo. Malo okolekapo ayenera kupirira mphamvu yaikulu kuposa momwe anthu amaganizira. OSHA imati mapaundi 5,000 pa munthu mmodzi, omwe ndi makilogalamu oposa 2,200, pokhapokha ngati katswiri wawerengera mwapadera. Paipi ya madzi, gatala, njanji ya masola, thabwa lokhomerapo malata logwidwa ndi misomali iwiri, zonsezi si malo okolekapo. Pali zokolekapo zotchedwa ma anchor opangidwira denga, a muyezo wa EN 795, ena omangirira pa trasi ndi masikuluwu amene opanga anatchula, onse osasiyako. Palinso malamba ozunguliza pa mtanda wachitsulo kapena wa konkire. Trasi nayo iyenera kukhala yolimba, osati yodyedwa ndi chiswe.

Ena amaponya chingwe kudutsa pamsonga n'kumanga tsidya lina pa chinthu cholimba. Zimatheka, koma chimakutetezani mbali imodzi yokha. Mukawolokera mbali yomwe chamangidwa, palibe chikukugwirani. Ndipo chonde musamange ku galimoto imene wina angailize.

Malo okolekapo akhalenso pamwamba panu momwe zingathekere, ndiponso molunjika ndi pomwe mukugwira. Mukapita patali cham'mbali n'kugwa, mumayenda ngati katungwe mpaka kukamenya khoma, chingwe chikukhuzika m'mphepete mwa lata lakuthwa.

Mkhomamalata: Nanga zija zokhala ngati kabokosi, chingwe chimatuluka n'kubwerera chokha?

Wokwera Nsanja: Zimenezo ndi zabwino pamene mpata wapansi ndi wochepa, chifukwa zimaloka msanga. Koma zambiri zinapangidwa kuti zipachikidwe pamwamba pa mutu. Pa denga lotsetsereka munthu amatha kuterereka pang'onopang'ono osafika liwiro loti ziloke, ndipo si zonse zimene zinayesedwa pa m'mphepete mwakuthwa. Werengani kabuku kake musanalipire.

Mnyamata wa Penti: Pepani kulowerera akuluakulu. Ife abwana anatigulira, koma akuti azidula kumalipiro. Komanso imodzi timabwerekana anthu atatu. Ndi momwe zimakhalira?

Mayi Wachitetezo: Ayi mwanawe. Pangano nambala 155 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, la 1981, limanena kuti njira zotetezera thanzi ndi moyo pantchito zisadyere wogwira ntchito ndalama, ndipo wolemba ntchito ndiye wopereka zida. Mayiko ambiri anaika mfundo imeneyi m'malamulo awo, ndiye kafunse ku ofesi yoona za ntchito. Za kubwerekanazo, vuto ndi lakuti pamene mmodzi wavala, awiri ali pamwamba opanda kanthu. Komanso aliyense ali ndi thupi lake. Malamba a m'ntchafu amangidwe moti dzanja lotambasula lilowe koma chibakera chisalowe. Akakhala olenda, pa kugwa amakoka mwamphamvu pakati pa miyendo ndipo amavulaza koopsa. Lamba wa pachifuwa akhale pakati pa chifuwa, osati pakhosi. M'matumba musakhale makiyi kapena misomali.

Achimwene a malata, izi zikukhudzanso inu. Anyamata anuwo ndi udindo wanu, osawadula malipiro.

Mkhomamalata: Zimenezo sindingachite amayi. Ndi ana a eni ake, makolo awo anandikhulupirira.

Wokwera Nsanja: Pali chimodzi sichinatchulidwe, ndipo kwa ine ndi chachikulu. Tinene kuti zonse zayenda bwino, mnyamata wagwa, hanesi yamuwakha, ali lende m'mbali mwa khoma. Kenako? Munthu wolendewera osasuntha, magazi amadikha m'miyendo, amachita chizungulire, akhoza kukomoka, ndipo akakomoka ali chilili choncho moyo uli pachiswe. Si nkhani yoti mudikire thandizo lochokera kutali. Musanakwere mudziwe kuti mumutsitsa bwanji: makwerero ofika pamenepo ali pafupi? Alipo munthu pansi? N'chifukwa chake sitigwira ntchito ya pamwamba munthu ali yekha. Pali timalamba tina tating'ono tomangirira m'mbali mwa hanesi, munthu akalendewera amatitulutsa n'kupondapo kuti miyendo igwire ntchito. Ndi totchipa poyerekeza ndi zina zonse, musatisiye. Ndipo wagwayo apite kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino.

Helimeti ikhale ya lamba wa pachibwano. Yopanda lamba imatsogola kugwa mutu usanagunde.

Madala Kalipentala: Ine pa nyumba yapansi ndidzaikabe ndalama yanga pa sikafodi ndi matabwa oyendapo. Hanesi siletsa lata la dzimbiri kapena lowala lija kuboka pansi pa mapazi ako, ndipo m'kati mwa nyumba mpata wa mamita 6.75 aja mulibe. Koma za chingwe cha m'chiuno ndamva. Adzukulu anga sindiwaphunzitsanso zimenezo.

Mayi Wachitetezo: Pa malata owala mwalasa, Madala. Chingwe chofupikitsa chimakuletsani m'mphepete, osati pakati pofooka. Pamenepo pamafunika kuphimba kapena kutchinga, ndi kuyenda pa matabwa.

Mkhomamalata: Ndathokoza nonse. Yogwirapo kale ntchito ndaisiya. Ndigula mahanesi atatu atsopano, chingwe chokhala ndi kachida kofupikitsira, ndi ma anchor a padenga, osati lanyard ya mamita 2 yomwe ndimafuna poyamba. Sikafodi ndizichita hayala n'kuika mu kotesheni. Chatsala ndi maphunziro, chifukwa ine ndemwe sindinavalepo. Funso lomaliza: anchor imodzi tingakolekepo awiri?

Wokwera Nsanja: Onani zimene zalembedwa pa anchor yomweyo. Zambiri zazing'onozi ndi za munthu mmodzi. Ngati sinalembedwe kuti anthu awiri, gulani aliyense yake, ndipo muzimange pa matrasi osiyana. Pa maphunziropo pemphani kuti akulendewetseni pang'ono pafupi ndi pansi, mapazi atangochoka, kuti mumve pomwe malamba akufinya n'kukonza musanakwere nayo.