Andipatsa tsiku la opareshoni: ndikagona masiku angati, nanga amayi ndiwaitane liti?

Amayi anzanga a m'gulu muno, ndabwera ndi nkhawa yanga, mundithandize nzeru. Ndimakhala ku Mufakose mu mzinda wa Harare, ku Zimbabwe, ndili ndi zaka 27, ndipo mimba iyi ndi yoyamba. Ndili m'sabata ya 36. Lolemba ndinapita ku sikani, adokotala n'kundiuza kuti mwana sanatembenuke, watsogoza matako. Sindinadabwe kwenikweni, chifukwa ndikagwira pansi pa nthiti ndimamva kanthu kolimba kozungulira ngati lalanje, ndipo akamandiponda amaponda kumusi. Anati ngati sasintha, sadikira kuti matenda ayambe okha, adzandichita opareshoni ndikakwanitsa masabata 39. Andilembera Lachiwiri la sabata yachiwiri ya Novembala, ndipo ndikagonekedwe Lolemba lake.

Pamaso pa adokotala ndinangoti "chabwino". Mafunso onse anandibwerera ndili mu kombi, minibasi ya kuno.

Loyamba ndi la masiku. Mnzanga wa kutchalitchi akuti anatuluka tsiku lachitatu. Mayi wina woyandikana nafe akuti anatha sabata yathunthu. Zoona n'ziti?

Ndikufunsa chonchi chifukwa cha amayi anga. Ali ku Mulanje, ndipo ndi iwo amene akubwera kudzandisamala. Ulendo wake mukuudziwa: akwere basi ku Blantyre, adutse pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, kuti adzafike kuno atatopa zedi. Ndalama ya basi tasunga ya ulendo umodzi wokha, kubwera ndi kubwerera. Anenanso poyera kuti sangakhale kupitirira masabata atatu, chifukwa mvula yobzalira ikagwa iwo ali kuno ndiye kuti chaka chino m'nkhokwe mulibe kanthu. Mtima wanga ukufuna abwere sabata imodzi opareshoni isanachitike, chifukwa ndili ndi mantha, sindinama. Usiku ndimadzuka n'kukhala pa bedi kumangoganiza za mpeni. Koma akafulumira kubwera, adzafulumiranso kubwerera.

Vuto lenileni pakhomo pano ndi madzi. Pa mpopi satuluka masiku ambiri, timatunga pa mjigo, umene anzathu kuno amati chibhorani, ndipo pamakhala mzere. Mpaka mwezi watha ndinkasenza ndekha chigubu cha malita 20. Bambo a kunyumba amanyamuka 5 koloko m'mawa kupita ku ntchito ku Workington, kubwera kutada. Chimbudzi ndi chapanja, chonjuta, ndipo timagwiritsa ntchito mabanja atatu. Ndiye ndiuzeni, munthu amatha masiku angati asanayambe kuwerama, kuchapa matewera, kusenza ndowa?

Lomaliza: amayi anandiuza pa foni kuti agula kale chitenje chodzandimangira pamimba, ndipo adzandithowa ndi madzi otentha monga anachitira ndi akulu anga. Kodi zimenezi zimachitika kwa munthu wa opareshoni? Sindikufuna kuwakhumudwitsa, komanso sindikufuna kuwononga bala.

Mayi wa ana awiri, Highfield:
Achemwali, limbani mtima. Ine onse awiri ndi a opareshoni, ndipo wachiwiri anali wa tsiku lokonzeratu ngati wanuyu. Ndikuuzeni m'mene zinayendera. Anandiletsa kudya kuyambira pakati pa usiku. M'mawa anandibaya jakisoni wa pamsana nditakhala mowerama, miyendo n'kuyamba kutentha kenako kulemera ngati si yanga. Sindinagone, ndinkamva zonse zimene amalankhula. Ululu panalibe, ndinkangomva kukoka ndi kukankha, ngati munthu akufufuza kanthu m'chikwama. Pasanathe mphindi khumi mwana analira. Chimene chimatenga nthawi ndi kusoka. Zonse pamodzi sizinakwane ola.

Tsiku limenelo ndinagona chagada ndi kachubu ka mkodzo ndi diripi. M'mawa mwake anachotsa kachubu n'kundiuza kuti ndidzuke. Apa ndiye panali nkhani. Kuchoka pa bedi kufika pakhomo la wodi ndinayenda chowerama ngati nkhalamba, dzanja limodzi pamimba lina pa khoma, misozi ili chuchuchu. Koma madzulo ake ndinapita ndekha kubafa. Anandichita Lachitatu, ndinatuluka Loweruka. Chimene palibe anandichenjeza ndi mpweya wa m'mimba. Unandipweteka kuposa bala, mpaka kumamveka pa phewa. Kuyenda ndiko kunauthetsa. Mukafuna kutsokomola kapena kuseka, kanikizani pilo pa bala.

Za amayi, ine ndinalakwitsa pa mwana woyamba. Apongozi anabwera masiku khumi ndisanachire, tinkangokhala kumacheza, ndiye anabwerera ine ndisanayambe n'komwe kuyenda bwino.

Mayi wa ku Epworth:
Ine masiku atatu, ana onse.

Mayi wa ku Dzivarasekwa:
Ine asanu ndi limodzi. Ineyo ndinali bwinobwino, koma mwana anali ndi chikasu, anamuika pa magetsi aja ochizira chikasu. Ndiye musamawerengere za inu nokha, mwananso ali ndi zake.

Mzamba wopuma ntchito, Mabvuku:
Mwana wanga, onse amene akuuzawo sananame. Zikayenda bwino, ambiri amatuluka pakati pa masiku awiri ndi anayi kuchokera pa tsiku la opareshoni, ndipo atatu ndiye ofala. Sitimawerenga kalendala, timayang'ana munthu: kodi akuyenda yekha, akukodza atachotsedwa kachubu, akudya osasanza, watulutsa mpweya, thupi silikutentha, BP ili bwino, bala ndi louma, magazi sakutuluka mopitirira, mwana akuyamwa? Chimodzi mwa izi chikavuta, masiku amawonjezeka. Ndiye konzekera atatu, koma m'chikwama ulongedze za masiku asanu. Dziwanso kuti tsiku lolembedwa likhoza kusuntha, chifukwa odwala mwadzidzidzi amalowa m'fiyeta poyamba. Ndipo ngati matenda ayamba, madzi asweka, wawona magazi kapena mwana wasiya kusewera tsikulo lisanafike, usadikire Novembala. Pita nthawi yomweyo, ukanene pakhomo pomwe kuti mwana watsogoza matako. Adzakuyezanso asanakuchite, chifukwa ana ena amatembenuka mochedwa.

Tsono kutuluka m'chipatala si kuchira. Chimene uwona kunja ndi mzere umodzi wa masentimita 10 mpaka 20 m'munsi mwa mchombo, koma mkati adula ndi kusoka magawo angapo mpaka pa chiberekero. Khungu limagwirana msanga, zamkati zimafuna pafupifupi masabata asanu ndi limodzi. Pa nthawi yonseyo usanyamule chinthu cholemera kuposa mwana wako. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye chigubu chakocho ndi makilogalamu 20, pamene mwana wobadwa kumene amakhala cha m'ma 3. Waona kusiyana kwake. Chigubu ayi, kupukusa mjigo ayi, kukolopa chowerama ayi. Koma usamangogona. Yenda pang'onopang'ono pabwalo tsiku lililonse, chifukwa kugona kwambiri kumachititsa magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo. Podzuka, yamba wagona cham'mbali, utsitse miyendo, udzikankhe ndi mkono.

Usanatuluke ufunse ngati ulusi wake ndi wosungunuka wokha kapena wochotsa, ndipo akuuze tsiku lobwerera. Mankhwala a ululu uzimwa pa nthawi yake, osadikira kuti zifike poipa. Paracetamol sawononga mkaka. Magazi amatulukabe kumusi ngakhale wabereka pa opareshoni, amachepa n'kusintha mtundu mpaka masabata asanu ndi limodzi. Imwa madzi ambiri, idya masamba ndi mapapaya, chifukwa chimbudzi choyamba chimavuta ndipo sufuna kudzikakamiza.

Izi uzilembe, upatse bambo ako a kunyumba: kutentha thupi kapena kunjenjemera, bala kufiira, kutupa, kutuluka mafinya kapena kutseguka, zotuluka kumusi kununkha, thewera kudzadza magazi pasanathe ola, mwendo umodzi kutupa ndi kupweteka pa katumba, kubanika, mutu waukulu ndi kuona zinthu mwachimbuuzi. Chimodzi chokha mwa izi, ngakhale pakati pa usiku, mupeze galimoto.

Amayi ako afike pa tsiku la opareshoni kapena mawa lake. M'chipatala muli anamwino, ndipo achibale amangololedwa pa nthawi yoona odwala. Kunyumba ndiko kulibe namwino.

Agogo a ku Mbare:
Ine ndinabwera kuno ndili mtsikana, ndathowa ana anga ndi adzukulu, ndipo sindikufuna kuti ana a masiku ano aziona ngati za makolo zonse n'zachabe. Munthu akachira thupi lonse limakhala lophwanyika, kuthowa kumamasula. Chikuta nachonso anachiika ndi nzeru, kuti mayi apume, asagwire mthiko, alendo asamadzadze m'nyumba mchombo wa mwana usanagwe. Mdzukulu wanga wina ndi wa opareshoni. Ndinamuthowa msana, mapewa ndi miyendo, pamimba sindinafikepo. Mayi ako ndi munthu wamkulu, akaliona bala adzamva yekha. Usawauze pa foni ngati ukuwaletsa, uwatenge akamve kwa anamwino ndi makutu awo.

Mzamba wopuma ntchito, Mabvuku:
Agogo mwanena bwino, msana ndi miyendo palibe vuto, madzi akhale ofunda osati owotcha. Ndingowonjezera chifukwa chake pamimba timakaniza: khungu lozungulira bala limakhala ladzanzi kwa masabata, mwina miyezi, ndiye munthu akhoza kupsa osamva. Pa bala pasapakidwe kanthu, kaya mafuta, kaya phulusa, kaya mankhwala a zitsamba. Kusambitsa ndi madzi oyera, kupukuta mosasisita ndi kansalu koyera, basi. Novembala kumatentha, ndiye pamene mimba yagwera pa bala pazikhala pouma. Chitenje asamange mokoka pamwamba pa bala. Afunse adokotala pa tsiku lokaonetsa bala, iwo ndi amene adzaone ngati nthawi yakwana.

Bambo wa ku Glen View:
Pepani kulowerera nkhani ya amayi, koma ya madziyi ndi yathu abambo. Mkazi wanga anachitidwa opareshoni chaka chatha. Ndinagula mgolo wa malita 200, ndinkaudzadza Loweruka ndi Lamlungu ndi wilibala, pakati pa sabata ndinkalipira mnyamata wa pa mjigo. Ndinaika ndowa pa mpando kuti asamawerame posamba, beseni lochapira ndinaliika pa tebulo. Za chimbudzi chonjuta, ndinatenga mpando wakale wa pulasitiki n'kuboola pakati. Uzani alamu ayambe kukonza zimenezi panopa, komanso apemphe masiku kuntchito a sabata imene apongozi adzabwerere, osati ya opareshoni yokha. Tsiku lotuluka musakwere kombi. Ndi maenje a m'misewu yathuyi, pezani galimoto ndipo woyendetsa mumuuze kuti wanyamula munthu wa bala.

Mayi wa ku Chitungwiza:
Simunanene ngati muli pa ntchito. Ngati muli pa ntchito yolembedwa, lamulo la kuno limapereka masiku 98 a tchuthi cha uchembere, malipiro onse. Musaiwalenso kutenga pepala la kubadwa kwa mwana kuchipatala, ndi limene mukatengere satifiketi. Lamulo limati mwana alembetsedwe pasanathe masiku 42. Ife tinapita ku ofesi yolembetsera ana ya ku Makombe Building, koma mzere wake si woti muime ndi bala la sabata imodzi.

Mwini funso:
Zikomo nonse, ndawerenga kawiri, ndipo mndandanda wa amayi a ku Mabvuku ndaulemba kuseri kwa khadi la sikelo. Sindili pa ntchito yolembedwa, ndimagulitsa tomato ndi masamba pa msika, ndiye tebulo ndimusiyira mnzanga mpaka Khirisimasi itadutsa. Ndawerengera: amayi akafika pa tsiku la opareshoni n'kukhala masabata atatu, atsala masabata ena atatu amene ndidzakhale ndekha masana ndisanaloledwe kunyamula kanthu. Amenewo ndi amene akundiopsa tsopano kuposa mpeni. Amene munadutsamo, pa sabata yachinayi munkatha kuphika nsima ndi kuchapa timatewera mutaima? Nanga kubereka mwana kumbuyo?

Mayi wa ana awiri, Highfield:
Kuphika kwa anthu awiri ndinkatha, mphika uli pamwamba osati pansi. Kuchapa pang'onopang'ono pa tebulo, koma kutaya madzi a m'beseni ndinkasiyira ena. Kubereka kumbuyo ndinadikira mpaka atandiyeza pa masabata asanu ndi limodzi, chifukwa mfundo ya nsalu ndi kuwerama kuja zimakoka pamimba. Tsiku limene ndadzipanikiza ndinkadziwa, magazi ankabwereranso ofiira ndipo bala linkalasa usiku. Lankhulani ndi amayi a chigwirizano kutchalitchi kwanu, asinthane kubwera m'mawa ngakhale ola limodzi. Anthu sakana, koma amafuna kuuzidwa tsiku.

Mwini funso:
Ndawaimbira amayi madzulo ano. Poyamba anakhumudwa, anati mwana wanga akalowe ku mpeni ine ndili pa msewu? Ndinawafotokozera za masabata aja, anakhala chete, kenako anati abzaliratu chimanga pouma asananyamuke, ndipo achimwene adzayang'anira munda kuti iwo awonjezere sabata yachinayi. Tagwirizana kuti anyamuke ku Blantyre Lamlungu, Lolemba apumule, Lachiwiri adzakhale panja pa wodi. Bambo a kunyumba apita Loweruka ku Mbare kukafunsa mtengo wa mgolo. Chitenje ndawauza abwere nacho, tidzafundika mwana.