Mphaka wanga wa miyezi 6 akulira usiku wonse: kodi ndimutseketse tsopano kapena ndidikire?

Wofunsa wa ku Area 25:
Ndikupempha uphungu kwa amene mumadziwa za amphaka. Ndili ndi mphaka wamkazi wa miyezi 6 amene wayamba kulira mofuula kwambiri, makamaka usiku, moti oyandikana nawo nyumba akudandaula, ndipo ena afika ponena mawu okhudza ufiti. Amagubuduka pansi, amadzikhula pa miyendo ya anthu, ndipo ndikamusisita pamsana amagwetsa chifuwa pansi n'kukweza kumbuyo, mchira ataupatutsira pambali. Akudya pang'ono, koma sindikuona bala kapena magazi. Kodi akudwala, kapena akufuna mwamuna ngakhale ali wamng'ono chonchi? Wina wandiuza kuti jakisoni wakulera wa anthu amathandiza. Ndikufunanso kudziwa ngati dokotala angamutseke ali momwemu.

Mlangizi wa ziweto wopuma pantchito, Zomba:
Amayi, zimene mwafotokozazi si matenda, mphaka wanuyo akufuna mwamuna. Amphaka ambiri amayamba ali ndi miyezi pakati pa 5 ndi 9, ndipo ena amayamba ali ndi miyezi 4 yokha, choncho wanuyo sanafulumire. Musadabwe kuti palibe magazi, chifukwa amene amataya magazi pa nthawi yotereyi ndi agalu, osati amphaka.

Chimene chimavutitsa eni ake n'chakuti nthawi zambiri mphaka satulutsa mazira pokhapokha atakweredwa. Akapanda kukumana ndi mwamuna amalira pafupifupi sabata imodzi, amakhala chete kwa masabata awiri kapena atatu, kenako amayambiranso. Kumayiko ozizira amapumirako m'miyezi imene dzuwa limalowa msanga, koma kuno kutalika kwa usana sikusintha kwambiri, kotero kuti kulirako kukhoza kumabwerabwera pafupifupi chaka chonse. Akangotuluka panja usiku umodzi akhoza kutenga bere, ndipo pakatha masiku 63 mpaka 65 amaswa ana atatu, anayi kapena asanu, pamene iye mwini thupi lake likukulabe.

Padakali pano musungeni m'nyumba, mutseke mawindo ndi pena paliponse pamene mutu wake ungakwane, pakuti mphaka amene ali pa nthawi imeneyi amathawira ngakhale pampata wa pakati pa khoma ndi denga. Muikireni mchenga m'beseni woti azichitiramo chimbudzi, muzisewera naye madzulo kuti atope, ndipo musamumenye akalira, chifukwa sakuchita dala. Zimenezi zimangochepetsa phokoso, sizithetsa vutolo.

Za jakisoni wakulera uja, chonde musayerekeze. Mankhwala a mtundu wa Depo-Provera amaletsadi kulirako kwa kanthawi, koma mwa amphaka amachititsa kuti mabere atupe kwambiri, amaonjezera chiopsezo cha mafinya m'chiberekero ndi zotupa za m'mabere, ndipo mankhwala ena a gulu lomwelo amayambitsa matenda a shuga. Mlingo umene anaukonzera munthu wamkulu sungayenerane ndi kanyama kolemera makilogalamu awiri kapena atatu.

Mlimi wa ku Mchinji:
Ine ndikuona mosiyanako pang'ono ndi bambo alangizi. Kwathu kuno mphaka timamusungira makoswe, ndipo akuluakulu amanena kuti mphaka wotsekedwa amanenepa n'kusiya kusaka. Bwanji osamulola kuti aswe kamodzi kaye kuti thupi likhwime, ana akewo n'kugawira abale amene ali ndi nkhokwe? Ndalama ya opaleshoni nayonso si yochepa kwa munthu wamba.

Mayi wa ku Chilomoni:
Bambo a ku Mchinji, nkhawa yanu ya makoswe ndi yomveka, koma kusaka ndi chibadwa cha mphaka ndipo sikuchoka ndi chiberekero. Wanga anatsekedwa kalekale koma amagwirabe makoswe, ndipo tsopano amakhala pakhomo m'malo moyendayenda. Kunenepa kumachitikadi, chifukwa akatsekedwa thupi limafuna chakudya chocheperapo pamene njala imakula, koma mankhwala ake ndi kumuyezera chakudya basi.

Zoti ayambe waswa kamodzi zilibe phindu lililonse pa thanzi lake. Zotupa za m'mabere mwa amphaka zambiri zimakhala khansa yoopsa, ndipo amene watsekedwa asanakwanitse chaka amakhala wotetezeka kwambiri poyerekeza ndi amene watsekedwa atakula. Komanso "kamodzi" kameneko sikakhala kamodzi, chifukwa mphaka amatha kutenganso bere ana ake asanaleke n'kuyamwa komwe. Kumudzi mwina abale a nkhokwe alipo, koma m'tauni muno ana a mphaka amathera m'ngalande ndi m'misika, kumene salandira ngakhale katemera wa chiwewe.

Pa za mtengo, amayi a ku Area 25 afunse ku LSPCA ku Lilongwe konko, pakuti bungweli lili ndi chipatala cha ziweto ndipo ntchito yotseka agalu ndi amphaka ndi imodzi mwa zimene limagwira. Ife a ku Blantyre timapita ku BSPCA, bungwe lina longa lomwelo.

Wofunsa wa ku Area 25:
Zikomo kwambiri nonse, jakisoni uja ndamusiya. Funso limene latsala ndi la nthawi: kodi ndipite naye mawa lomwe, kapena ndidikire kuti asiye kulira? Nanga ndikabwera naye kunyumba ndizimusamalira bwanji?

Mlangizi wa ziweto wopuma pantchito, Zomba:
Opaleshoniyo ndi yochotsa chiberekero pamodzi ndi mabasiketi a mazira, ndipo imatheka ngakhale mphaka akulira. Kungoti pa nthawi imeneyi mitsempha ya magazi yozungulira chiberekero imakhala yotupa ndipo minofu imang'ambika msanga, n'chifukwa chake madokotala ena amakonda kudikira sabata imodzi kapena awiri kuchokera pamene wasiya kulira. Ine ndinganene kuti muwaimbire lero, muwauze tsiku limene anayamba, ndipo muwauzenso moona ngati mungathe kumusunga m'nyumba osathawa. Ngati nyumba yanu ili ndi mipata yambiri, kudikira n'koopsa kuposa kumuchita opaleshoni tsopano. Ngati anatulukapo kale usiku, munene zimenezo, chifukwa akhoza kukhala ali ndi bere laling'ono.

Adzakuuzani ola loti musiye kumupatsa chakudya, chifukwa mankhwala ogonetsa amatha kusanzitsa, ndipo masanziwo akalowa m'mapapo ndi ngozi. Popita mumuike m'basiketi kapena m'katoni yolimba yoboola mipata ya mpweya, osati m'manja kapena m'thumba. Mukabwerako agone pamalo ofunda ndi pouma, asadumphedumphe, asasambe, ndipo asanyambite balalo kwa masiku 10 mpaka 14, ngakhale zitafunika kumuveka kolala yapulasitiki imene amadana nayo. Balalo likatupa kwambiri, likatseguka, likamatuluka mafinya, kapena akakana kudya kupitirira tsiku limodzi, bwererani naye msanga.

Musamupatse Panado kapena mankhwala ena alionse a anthu ochepetsa ululu. Chiwindi cha mphaka sichitha kuphwanya paracetamol, moti piritsi limodzi lokha likhoza kumupha. Mankhwala a ululu akupatseni dokotalayo, ndipo poti mwafika kale kumeneko, mufunse kuti katemera wa chiwewe amubaye liti ngati sanalandirebe.