Amayi anafika bwino ku London, zikomo nonse

Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha mwezi watha. Ndinafunsa kuti kuchoka ku Chileka kukafika ku London ndi maola angati, poti amayi anali asanakwerepo ndege ndipo miyendo yawo imatupa akakhalitsa pansi.

Tinatsata malangizo a achimwene aja anati adzere ku Johannesburg. Tinalawirira kuno ku Zomba, ndinakawasiya ku Chileka, ndipo ku Joni anatera patangotha maola awiri ndi mphindi zochepa. Chigawo chachitali ndi chochokera pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Joni mpaka pa bwalo la Heathrow ku London: makilomita pafupifupi 9,000, maola 11, usiku wonse ali m'mwamba.

Chomwe chinandisokoneza ndi tikiti. Inalembedwa kunyamuka 8 koloko usiku, kufika 5 koloko m'mawa, ine n'kumawerenga maola 9. Nthawi yofikira imalembedwa ya komwe ndege ikutera, ndipo mu Januwale London imatsalira ndi maola awiri poyerekeza ndi kwathu kuno. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka Okutobala kusiyana kwake ndi ola limodzi.

Mayi amene munati tipemphe mpando wa kukanjira, Mulungu akudalitseni. Amayi ankadzuka kuwongola miyendo osavutitsa munthu. Pemphaninso njinga ya olumala pogula tikiti, bwalo la ku Joni ndi lalikulu zedi kwa munthu wachikulire.